KUMENE MBOZI YA CIMANGA IKHALA M'MALIMWE

Mwezi wa Januwale ukafika, amuna ambiri a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi amene agwira nchito ku migodi ya ku Kitwe, Mufulira, Chingola ndi Solwezi, kapena m'mafakitale a mu Lusaka, alandira mau amodzimodzi ocokera kumudzi. Lamya ilira usiku, ndipo mai wokalamba kapena mlongo ali kunena kuti, "Mbozi zalowa m'cimanga, tumizani ya mankhwala." Mwamuna uja anatumiza kale ya mbeu ndi ya feteleza mu Okutobala, ndipo ana a sukulu nao ali kudikira yao. Atumizabe, pakuti nsima ya caka conse iri m'munda umenewo. Koma pobwerera ku nchito atsala ndi funso limene alimi omwe afunsana pa bwalo: kodi mbozi zimenezi zicokera kuti? Kuyambira Meyi kufikira Novembala minda iri gwa, mapesi auma, ng'ombe zadya zotsalira, lupsa lapita. Nanga kacirombo kofewa kotere, kopanda mapiko, kadya ciani miyezi yonseyo?

Yankho lace liri m'kadyedwe ka mbozi. Koma poyamba nkoyenera kuzilekanitsa, popeza anthu azichula zonse ndi dzina limodzi, cinkana iri yonse iri ndi njira yaceyace yopulumukira cilala.

Nchembere zandonda zakale makolo anazidziwa bwino. Ndi mbozi zakuda za mizere, zimene zibuka mwadzidzidzi mvula itayamba, ziyenda pansi cigulugulu ngati nkhondo, zimeta munda m'masiku owerengeka, kenaka nkuzimirira. Zinabuka koopsa m'Zambia mu Disembala 2012, ndipo bungwe la maiko loyang'anira dzombe lofiira, limene likulu lace liri ku Ndola, lizichera khutu caka ndi caka. Izo zidya za mtundu wa udzu zokha: cimanga, mapira, mawere, mpunga ndi msipu wa ng'ombe. Zikafika pa nshawa kapena pa nyemba zingopyola.

Kapuci, amene aboola phesi, ndiye mwini mudzi. Iye sabvutika kufuna cakudya m'malimwe, cifukwa sadya konse. Cimanga cikayamba kuuma, mbozi yokhwima ikhazikika m'kati mwa phesi, nileka kudya, nigona momwemo miyezi yambiri kufikira cinyezi ca mvula yoyamba ciidzutsa. Motero mapesi amene amai amangira mpanda wa bafa, ndi amene aunjikidwa pafupi ndi khola, ndiwo nyumba yace. Kale anthu ambiri, ndi ophunzira omwe, anali kukhulupirira kuti udzu wonse wa kuthengo ndiwo nkhokwe ya kapuci. Koma ofufuza atang'amba maudzu m'maiko ambiri a kum'mawa ndi kumwera kwa Afrika m'zaka zotsatira 2000, anapeza kuti mbozi zambiri za m'menemo nza mitundu yina imene siikhudza cimanga, ndi kuti kapuci weniweni apezeka makamaka m'mapira a kuthengo. Udzu unanamiziridwa mlandu waukulu kuposa kulakwa kwace.

Nsenjere ndiyo icita zodabwitsa. Gulugufe wa kapuci aikonda, naikira mazira pa masamba ace. Koma ana akaswa nayamba kuboola, nsenjere iturutsa utomoni umene uwamata, ndipo ambiri afera pompo. Mai asankha nyumba, ana nkufera m'nyumbamo. Akatswiri a bungwe la icipe ku Kenya, motsogozedwa ndi Zeyaur Khan, anatenga nzeru imeneyi m'zaka za m'ma 1990, naphunzitsa alimi kubzala nsenjere kuzungulira munda, ndi kambeu koyanga ka mtundu wa nyemba kochedwa desmodium pakati pa mizere, kuti pfungo la kambeuko lipitikitse gulugufe ndipo nsenjere imlandire.

Olima thonje, amene ali ambiri ku Katete ndi ku Sinda, adziwa mbozi ziwiri zosiyana mtima. Yofiira idya thonje lokha ndi abale ace a kuthengo. Ndico cifukwa cace alangizi aumirira kuti mitengo ya thonje izulidwe akatha kutola, kuti gulugufe woturuka msanga asapeze podyetsa ana. Inzace, yobiriwira kapena yotuwa, siisankha. Iyamba pa ndevu za cimanga, nipita ku maluwa a thonje, ku mpendadzuwa ndi ku nandolo, ndipo m'malimwe ipezeka iri kuboola matimati kudimba. Kuzula thonje sikuipha ndi njala imeneyo.

Tsono pali mlendo, amene ndiye aliza lamya zija. Kwao ndi ku America. Anaoneka koyamba mu Afrika kuciyambi kwa 2016, ku Nigeria ndi maiko oyandikana nalo, ndipo caka comweco cisanathe anali atafika m'Zambia, minda ya ku migodi iri pakati pa yoyamba kugwidwa. Mu Disembala 2016 Pulezidenti Edgar Lungu analamula ndeke za asilikari kuti zinyamule mankhwala kupita nao m'zigawo. Caka cotsatira, mu Disembala 2017, boma la Malawi linalengeza tsoka m'maboma 20 mwa maboma 28 cifukwa ca mbozi yomweyo. Akulu amati mlendo ndi mame, koma uyu dzuwa lamtulukira zaka zambiri tsopano ndipo sanakamuke. Anthu ena amchula nchembere zandonda zacilendo. Azindikirika ndi cizindikiro cotuwa pamphumi conga lemba la Y loweramitsa, ndi timadontho takuda 4 tokhala mwa ngodya zinai ca kumcira.

Moyo wace uyenda motere. Gulugufe wamkazi, wotuwa ngati phulusa, auluka usiku, naikira mazira 100 kapena 200 pamodzi pa tsamba, nawaphimba ndi ubweya wa m'thupi mwace. Ndipo asanafe akhoza kuikira oposa 1,000. Pa nyengo yotentha mazira aswa atapita masiku 2 kapena 3. Timbozi tatsopano tiri ngati nyerere kucepa kwace, ndipo sitingathe kuboola tsamba. Tingopala pamwamba, nkusiya timawanga toonekera kuwala ngati pepala lopakidwa mafuta. Tina tilendewera pa ulusi wonga wa kangaude, mphepo nititengera pa mbeu yina. Mbozi ikamakula khungu liicepera, ndipo ifundula monga njoka. Icita cotero kasanu, nikhala ndi misinkhu 6.

Pano mpamene pali cinthu coyenera kucigwira. Pa misinkhu 3 yoyamba mbozi idya zocepa zedi, zosafika magawo 2 pa magawo 100 a zonse zimene idzadya m'moyo wace. Pa msinkhu wotsiriza wokha idya pafupifupi magawo 3 pa magawo 4. Mlimi wopita m'munda naona masamba ali ng'ambing'ambi, ndi zitosi zonga utuci zitadzaza kunsonga, aganiza kuti mbozi zafika dzulo. Iai, zakhala momwemo masabata awiri, iye ali kudutsa osaziona. Pa nthawi imeneyo zazama m'kati mwa nsonga, zitadzitsekera ndi zitosi zao, ndipo m'nsonga imodzi mutsala imodzi kapena ziwiri, pakuti zazikuru zidya zazing'ono. Mankhwala ogulidwa ndi ndalama ya ku mgodi afika pamene mbozi yatsala pang'ono kutsikira pansi yokha. Itsika, nilowa m'nthaka kuya kwa cala, nigona m'cikwa ca dothi masiku 8 kapena 10, nituruka gulugufe. Kukatentha ulendo wonse, kucokera dzira kufikira dzira, utha m'mwezi umodzi. M'cisanu ca Juni ndi Julai utalika kufikira miyezi iwiri kapena itatu.

Utalika, koma suima. Apa ndipo mlendo asiyana ndi kapuci. Iye alibe tulo ta miyezi yambiri. Kumpoto kwa America cisanu cimupha caka ciri conse, napulumukira ku malo otentha monga Florida ndi kumwera kwa Texas, kumene agulugufe ayambira ulendo wao wa kumpoto dzinja lao likafika. Kum'mawa kwa Zambia kulibe cisanu cotere. Cimene cingamuphe ndi njala yokha. Cifukwa cace, kuti afike Disembala, ayenera kupeza tsamba laliwisi mwezi uli wonse, mbadwo ndi mbadwo, osadukiza.

Mu 2018 ofufuza a ku Brazil ndi anzao anasonkhanitsa maina a zomera zonse zimene mbozi imeneyi inaonedwapo iri kudya, napeza mitundu 353 ya m'mabanja 76. Ciwerengero cimeneci cinaopsa anthu, ndipo mbiri inawanda kuti mbozi yacilendo idya ciri conse. Nzoona pang'ono pokha. Munthu pa njala adya nthoci zaziwisi ndi mizu ya kuthengo, koma palibe anena kuti zimenezo ndi nsima. Pamene ofufuza m'maiko osiyanasiyana analera mbozi m'timabotolo, gulu liri lonse ndi cakudya cace, zotsatira zinafanana kawirikawiri. Pa cimanga canthete mbozi ikula msanga, inenepa, ndipo zambiri zifika pa gulugufe. Mapira ndi tirigu zitsata pafupi, ndi maudzu ena ofewa monga kapinga. Koma pa soya, thonje, kabici, matimati ndi zina za masamba otambalala, mbozi icedwa masiku ambiri, zambiri zifera panjira, ndipo zopulumuka zituruka agulugufe ocepa thupi amene aikira mazira ocepa.

Cifukwa cace ndi ici, kuti comera ciri conse ciri ndi cida cace. Thonje liri ndi timadontho takuda pa masamba ndi pa nthambi, m'mene muli ululu. Matimati ali ndi ubweya wonata ndi pfungo lija litsala m'manja. Kabici ndi repu ziri ndi ukali wa mpiru. Cimanga naco ciri ndi ululu wace pamene ciri canthete, umene ubweza zirombo zambiri. Koma m'mimba mwa mbozi yacilendo muli mphamvu yosukulutsa ululu wa cimangawo. Cimanga ndi mbozi iyi zonse zinacokera ku America, ndipo zadziwana kuyambira kalekale. Pa mbeu zina mbozi itaya mphamvu zambiri polimbana ndi ululu, nipeza zomanga thupi zocepa, kotero kuti nthawi zina ifundula kowonjezera isanafike msinkhu wolowera pansi. Ndipo tsiku liri lonse limene icedwa pa tsamba ndi tsiku lina la nyerere, mbalame, akangaude ndi timavu tating'onoting'ono timene tiikira mazira m'thupi mwace. Pa tsamba la nshawa palibe nsonga yobisalamo.

Palinso ici. Mbozi yaikuru, imene inayamba pa cimanga, ikhoza kutsirizira pa mbeu yina cimanga cikatha. Ndipo cifukwa ca cimeneci mlimi aipeza pa nyemba kapena pa bonongwe wa m'mphepete, nayesa kuti ndi kwao. Koma kambozi kongoswa kumene, kakagwa pa tsamba lolimba kapena lowawa, kawirikawiri sikafika patali. Mu Afrika monse, ngakhale maina ali 353, mbeu imene yalira koposa ndi cimanga, ndipo yaciwiri ndi mapira.

Tsono funso lija lafika poyankhika. Munthu woyenda pa mseu waukuru wa Kum'mawa mu Sepitembala, kucokera ku Sinda kulinga ku Katete, aona dziko lonse liri lofiira ndi lakuda, koma m'zigwa muli mizere yobiriwira. Amenewo ndi madambo, ndipo m'madambo muli madimba ocingidwa ndi minga kuopa ng'ombe. M'menemo muli repu, anyezi, matimati, nzimbe, nthoci, ndi cimanga ca dowe cimene cibzalidwa pang'onopang'ono, mzere uwu lero, wina pakapita masabata awiri, kuti mwini asasowe cogulitsa. Ku Vubwi, kumene mitsinje itsika m'mapiri a m'malire a Malawi ndi Mozambique, nkomwemonso. Kwa gulugufe palibe mphatso yoposa imeneyi: tsiku liri lonse apeza cimanga ca msinkhu umene ana ace afuna. M'mbali mwa zitsime muli kapinga wosauma, m'mphepete muli misale ndi mapira ophukira pa zitsa, ndipo pa dzala pali cimanga comera cokha. Izi zing'onozing'ono ndizo zisunga otsala pamene dowe wathyoledwa. Mvula ikagwa, minda ya kumtunda nimera, agulugufe angokwera mtunda.

Asaganize munthu kuti dimba ndi mdani. Dimba ndilo ligula sopo ndi mabuku a ana, ndipo pa cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, mabanja okhala ndi madzi kudambo anali ndi pothawira. Wonena kuti anthu aleke kubzala dowe sanagonepo ndi njala. Ndiponso mbozi zonse za m'dzinja sizicokera ku dimba la pafupi, pakuti gulugufe wothandizidwa ndi mphepo akhoza kuuluka makilomita 100 usiku umodzi, mtunda woposa wa pakati pa Katete ndi Chipata, ndipo malire a Chanida samfunsa cikalata. Komabe oyamba kufika m'munda kawirikawiri ndi apafupi, ndipo nkwapafupi kugonjetsa mbozi pa mizere 10 ya kudimba kusiyana ndi pa maekala 5 a kumunda.

Kudziwa kadyedwe kameneka kusintha zinthu zingapo zimene anthu azolowera. Kutentha chire sikukhudza mbozi yacilendo, pakuti siiri m'mapesi ouma kapena m'tsekera. Moto ungotha zirombo zimene zikadaidya, nusiya nthaka yamarisece. Za kapuci, kugwetsa mapesi pansi kuti dzuwa la Okutobala liwaombe, kapena kudyetsa ng'ombe, kupha mbozi zambiri popanda moto. Kupopera ndiwo za kudimba cifukwa mbozi imodzi yaoneka pa kabici nkutaya ndalama, ndipo nkoipa koposa pamene mankhwala ace ndi otsala ku thonje, pakuti masamba omwewo akwera lole napita ku misika ya m'tauni, nadyedwa ndi ana a mwamuna yemwe uja anatumiza ndalama.

Kasakanizidwe ka makolo, ka cimanga pamodzi ndi nyemba, khobwe, nshawa ndi maungu, kamene ena anakanyoza kuti nkacikale, kapezeka kuti kali ndi nzeru. Kambozi kolendewera pa ulusi m'munda wa cimanga cokhacokha kagwera pa cimanga cina. M'munda wosakaniza kagwera pa tsamba la khobwe, kumene kadya mobvutika, nyerere ziri kukaona. Ku Kenya, Uganda ndi Tanzania minda ya desmodium ija inapezekanso kuti igwidwa pang'ono ndi mbozi yacilendo kuposa minda yoyandikana nayo.

Nthawi ya kubzala nayo ndi nkhani ya cakudya. Mudzi ukabzala pamodzi ndi mvula yoyamba yokwanira, cimanga cikula cisanacuruke cirombo, ndipo mvula yamphamvu ikokolola timbozi tambiri. Koma wobzala mocedwa, kaya cifukwa feteleza wacedwa kaya ng'ombe zobwereka zinali kwa eni ace, cimanga cace cikhala canthete pamene agulugufe a mbadwo waciwiri aturuka m'minda ya anzace onse. Wa ku mgodi amene atumiza ndalama ya mbeu mu Sepitembala wathandiza koposa amene atumiza ya mankhwala mu Januwale. Ndipo eni madimba a dambo limodzi akapangana kuti dowe wotsiriza athyoledwe ndi mapesi ace acotsedwe kukali mwezi mvula isanagwe, agulugufe oturuka m'nthaka apeza udzu ndi ndiwo zokha, ndipo mbadwo wao ucepa. Kupangana kotero nkobvuta, cifukwa dowe wa Novembala ndiye wa mtengo wabwino. Ndi nkhani yoyenera bwalo la nyakwawa, si ya munthu mmodzi.

Okhala m'tauni asadziyese oonerera. Kuseri kwa nyumba za ku Wusakile, ku Chamboli ndi ku Matero kuli timizere ta cimanga tothiriridwa ndi madzi otsukira mbale, ndipo m'mbali mwa Kafue muli madimba osatha. Mbozi siidziwa kuti uyu ndi shifiti bosi. Timizere totere tifunika kuyenderedwa kawiri pa sabata, m'mamawa, munthu ali kutembenuza masamba. Mazira aphwanyidwa ndi cala. Masamba akaonetsa timawanga toonekera tija, imeneyo ndiyo nthawi ya kucitapo kanthu, mbozi zikali zazing'ono: alimi ambiri athira dothi, mcenga kapena phulusa pang'ono m'nsonga, ena awaza msuzi wa kapenta kuti uitane nyerere, ndipo wofuna mankhwala a m'sitolo afunse mlangizi, napopere madzulo kapena mbandakuca pamene mbozi ituruka kudzadya, atabvala zodzichinjiriza.

Kumapeto kwa Ogasiti, pamene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ambiri a ku migodi atenga chuti napita kwao. Pa nthawi imeneyo cisanu catha, dowe wa kudimba ali m'maondo, ndipo mbozi zayamba kufulumira kukula. Munthu wotere, gule atatha, akhoza kutsikira kudambo pamodzi ndi mlamu wace, nasankha mapesi 10 pa malo 5 osiyana, natsegula nsonga imodziimodzi, nawerenga zimene apezamo.